Mwana akamalira ndi dzino: chochita usiku womwewo ndi mawa lake

Dzino limakonda kuwawa usiku, nthawi yomwe simungapeze dokotala. Musanachite china chilichonse, walitsani tochi n'kuyang'ana m'kamwa mwa mwanayo. Onani ngati pali bowo lakuda, chakudya chotsalira pakati pa mano, kapena chotupa pa nkhama.

Kenako mutsukeni mano mofatsa. Ngati ndi wamkulu woti amatha kulavula, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, achukuche n'kulavula. Mupatseni paracetamol molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwake, monga zalembedwera pa botolo. Aspirin ayi: ndi woopsa kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo kumuphwanyira pa dzino, monga ena amachitira, kumangowotcha nkhama.

Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena mwana akamavutika kumeza ndi kupuma, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala.

Mawa lake mupite nayebe kwa dokotala wa mano ngakhale ululu utaleka. Apa ndi pomwe makolo ambiri amalakwitsa. Amati, "Ndi dzino la ubwana, liguluka lokha." Liguluka ndithu, koma ena mwa mano 20 amenewa amakhala mpaka mwana atafika zaka 11 kapena 12, akusungira malo mano okhalitsa. Komanso dzino lowola likasiya kuwawa, nthawi zina ndiye kuti mtsempha wake wafa, mafinya akusonkhana pansi. Bowo laling'ono amamata. Lalikulu mapeto ake n'kuzula.

Kuti zisabwerenso, dziwani chimene chimaboola dzino. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amafumbwitsa dzino. Choncho kulawalawa zotsekemera tsiku lonse n'koipa kuposa kuzidya kamodzi pa nthawi ya chakudya. Botolo la zakumwa za shuga pogona ndiye loipitsitsa, chifukwa m'tulo malovu amachepa.

Yambani kumutsuka dzino loyamba likangotuluka, cha pa miyezi 6, kawiri pa tsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, chinthu cholimbitsa mano. Wosakwana zaka 3 mumuikire pang'ono kwambiri, ngati kambewu ka mpunga. Wokulirapo, ngati nsawawa imodzi. Alavule koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Mswachi muzigwira ndinu, kapena muziimirira pomwepo, mpaka atakwanitsa zaka 7. Mukamusiya yekha, amangotsuka akutsogolo, pamene mano okhalitsa oyamba amamera kumbuyo, pa zaka 6.