Momwe mungasankhire mtengo wa muvi woyenera uta wolimba

Uta wautali wokoka makilogalamu 25 kapena kuposerapo sufuna muvi wongosankha ndi maso. Mukatulutsa nsinga m'zala, muvi umayamba wapindika, kuzungulira chogwirira cha uta, kenako n'kuwongoka uli m'mwamba. Ukakhala wofewa kwambiri umapita ukupukusa mchira, ndipo ungathyoke pomwepo n'kukubayani dzanja logwira uta. Ukakhala wolimba mopitirira umakhula uta n'kupatukira kumbali. Choncho ntchito yaikulu ndi kuyeza, ndipo zoyezera zake n'zopezeka kuno ku Mzuzu.

Yambani ndi uta womwewo. Tengani sikelo yopachika ija amagwiritsa ntchito ogula mbewu, ikoleni pakati pa nsinga, mukoke mpaka pomwe dzanja lanu limafika polasa, muwerenge. Makilogalamuwo chulukitsani ndi 2.2 kuti mupeze mapaundi, popeza miyeso ya mivi imawerengedwa m'mapaundi. Makilogalamu 27 ndi mapaundi pafupifupi 60. Musadalire nambala yolembedwa pa uta wogula, chifukwa amayeza pokoka mainchesi 28, ndipo amene amakoka mochepera amataya mapaundi awiri kapena atatu pa inchesi iliyonse.

Kenako pezani kutalika. Kokani uta ndi ndodo yaitali yowongoka m'malo mwa muvi, mnzanu aike chizindikiro pomwe ndodoyo yalekezera kutsogolo kwa uta. Onjezerani masentimita awiri ndi theka kuti chitsulo chakuthwa chisakhudze chala chanu.

Mtengo wake uti?

Bango ndi labwino pa uta wa ana ndi wolasira mbalame, koma pa uta wolimba lisiyeni. Khungu lake ndi lopyapyala, limang'aluka pa mphanda yokolera nsinga. Nsungwi zazing'ono zokhwima ndiye zodalirika. Sankhani zowongoka, zokhuthala mamilimita 8 mpaka 10, za mfundo zotalikirana, mudule m'chilimwe, muzimange mtolo ndi kuziumitsa pamthunzi kwa miyezi ingapo. Mbali yonenepa ndiyo ipite kutsogolo, kokhala chitsulo.

Paini wa ku Chikangawa amapezeka mosavuta, koma thabwa lililonse siloyenera. Funani louma bwino, lopanda mfundo ngakhale imodzi, la mizere yothithikana yoyenda mowongoka kuyambira uku mpaka uko. Mzere ukatulukira m'mbali pakati pa mtengo, pamenepo ndi pomwe muvi udzathyokere, ndipo umathyoka mosongoka ngati mkondo. Paini wa mizere yotalikirana ndi wopepuka ndi wofewa, sakwana pa uta wa mapaundi 60. Ngati mukuitanitsa mitengo yopangidwa kale kuchokera kunja, ya Douglas fir ndi yolemerako ndi yolimba kuposa ya Port Orford cedar ndi Sitka spruce. Yokhuthala 11/32 kapena 23/64 ya inchesi, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 9, ndiyo imafika pa kulimba kofunika pano.

Kuyeza kulimba

Apa m'pofunika kudekha. Khomani misomali iwiri pa thabwa loimika, motalikirana masentimita 66, ikhale pa mzere umodzi. Gonekani mtengo wa muvi pa misomaliyo, mulembe pa thabwa pomwe pakati pake pali. Thirani madzi m'botolo mpaka lilemere magalamu 907, omwe ndi mapaundi awiri, mulipachike ndi kawaya pakati penipeni pa mtengowo. Yezani ndi rula mamilimita amene watsika. Tsopano gawani 660 ndi mamilimitawo. Ukatsika mamilimita 11, kulimba kwake ndi mapaundi 60. Ukatsika 13, ndi pafupifupi 50. Ukatsika 10, ndi 66. Mukuona kuti milimita imodzi yokha ikusintha zambiri, choncho pensulo ikhale yosongoka ndipo muyeze kawiri.

Uzungulizeni mtengowo pang'onopang'ono n'kuyezanso, chifukwa mbali zake sizilimba mofanana. Mbali yolimba kwambiri ndiyo idzatsamire uta, ndipo muike chizindikiro. Pa mtengo wocheka, mphanda ya nsinga idulidwe mopingasa mizere, kuti nsinga isaung'ambe motsata mzere.

Nambala yofunika pa uta wanu siyongofanana ndi mapaundi ake. Uta wachikale wopanda chosemedwa pogonera muvi umafuna muvi wofewa pang'ono, wotsika ndi mapaundi 5 mpaka 10, chifukwa uli ndi chogwirira chonenepa choti muviwo uzungulire. Muvi ukatalika kuposa mainchesi 28, onjezani mapaundi 5 pa inchesi iliyonse. Ukafupika, chotsani momwemo. Chitsulo cholemera chimapinditsa muvi kwambiri. Zitsulo za osula nthawi zambiri zimalemera kuposa magalamu 8 a zogula wamba, ndiye ziikeni pa sikelo musanasankhe mitengo, ndipo zikalemera tengani mitengo yolimbirapo.

Kulemera kwa muvi wonse, chitsulo ndi nthenga zili pomwepo, kukhale pafupifupi magalamu 0.65 pa paundi iliyonse ya uta. Uta wa mapaundi 60 umafuna muvi wa magalamu 39 kapena kuposa pang'ono. Muvi wopepuka sutenga mphamvu yonse, yotsalayo imabwerera mu uta: dzanja limanjenjemera, nsinga imalira kwambiri, ndipo uta wamtengo umayamba ming'alu. Mivi ya phodo limodzi isasiyane kupitirira galamu imodzi pa kulemera ndi mapaundi 5 pa kulimba. Pa mitengo 30 mukhoza kupezapo isanu ndi umodzi yokha yofanana, ndipo zimenezo si zachilendo.

Mitengo yokhota pang'ono musaitaye. Nsungwi itentheni pamwamba pa makala a mbaula, mukuizunguliza mpaka ifewe koma isapserere, muiwongole ndi manja mutagwirira nsanza, muigwire chomwecho mpaka izizire. Pomaliza kulungani ulusi wothira guluu pansi pa mphanda ndi polowera chitsulo.

Kuyesa polasa

Matani nthenga pa mivi iwiri, wachitatu muusiye wopanda nthenga, yonse ikhale ndi nsonga zopanda mapiko zolemera mofanana ndi zitsulo zanu. Musayese muvi wopanda nthenga ndi chitsulo chophwatalala, umauluka mosadziwika kolowera. Lasani thumba la utuchi pa mtunda wa mamita 10. Kwa wokoka ndi dzanja lamanja, muvi wopanda nthenga ukagwera kumanja kwa inzake ndiye kuti ndi wofewa: dulani mamilimita 6 kutsogolo, muyesenso, koma osapitirira muyeso wa kutalika uja. Ukagwera kumanzere ndi wolimba: ikani nsonga yolemerapo kapena upaleni pang'ono ndi sandipepa. Kwa wamanzere zonsezi zimatembenuka.

Chinyezi ndi chifunga cha Mzuzu zimakhotetsa mitengo yosapaka, choncho pakani vanishi kawiri kapena katatu ndipo musunge mivi choimika, kutali ndi khoma lonyowa. Musanalase, pindani muvi uliwonse pang'ono pafupi ndi khutu. Ukamveka kuthetheka, uthyoleni kuti wina asadzautole. Kumbukiraninso kuti ku Nyika, ku Vwaza ndi m'nkhalango zina zotetezedwa kusaka n'koletsedwa, ndipo musanapite ku uzimba kwina kulikonse funsani za chilolezo ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.