Lipoti la makoswe, cheza ndi mahomoni: liwerengeni chonchi

Kuno ku Kasungu khoswe timangomudziwa ngati mbava ya m'nkhokwe basi, koma m'malabu akunja amaweta makoswe oyera, ambiri a mtundu wa Sprague-Dawley, kuti aone mmene zotupa za m'mawere zimayambira. Mukapeza lipoti lotere pa foni musangowerenga mutu n'kuyamba kutumizira azakhali pa WhatsApp ayi.

Yambani mwawerenga magulu. Afunika akhale anayi: osachitidwa kanthu, owombedwa cheza cha radiation chokha, opatsidwa homoni yokha (mankhwala achilengedwe a m'thupi olamula ziwalo zochita) monga estrogen, kenako olandira zonse ziwiri. Nkhani ili pa gulu lachinayilo. Zotupa zake zikaposa za gulu lachiwiri ndi lachitatu mutaziphatikiza, ndiye kuti ziwirizi zikuthandizana, ndipo zinaonekadi choncho pa makoswe a mtundu wa ACI atapatsidwa cheza pamodzi ndi DES, estrogen wochita kupanga uja.

Kuti mumvetse ganizani za nazale ya fodya. Cheza chimawononga DNA, malangizo oyendetsera selo (kachigawo kakang'onong'ono ka thupi), apo ndiye kuti mwafesa, koma bedi louma silimeretsa kanthu eti? Estrogen wochokera m'timatumba ta mazira ndi prolactin wochokera ku pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, ndiwo madzi othirira aja, amauza maselo kuti azigawikana ndiye selo lowonongeka lija limachulukana nawo limodzi mpaka chotupa. N'chifukwa chake makoswe ochotsedwa timatumba ta mazira amatuluka zotupa zochepa kwambiri ngakhale awombedwe cheza. Si nzeru yadzulo iyi, dokotala George Beatson wa ku Glasgow ku Scotland anaona kale mu 1896 kuti kuchotsa timatumbati kumachepetsa chotupa mwa amayi ena odwala khansa.

Kenako fufuzani msinkhu. Khoswe wa masiku pafupifupi 50, amene mawere akungokula kumene, ndi amene amagwidwa ndi zotupa msanga. Ku Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan nakonso, kumene kunaponyedwa mabomba a nyukiliya otulutsa cheza, omwe anali atsikana mu 1945 ndi omwe anadzakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere kuposa amayi akuluakulu.

Mlingo wa cheza muuonenso, wa mu labu umakhala waukulu kutalitali poyerekeza ndi X-ray ya pachifuwa, choncho dokotala akakutumizani kukajambulidwa pitani ndithu.

Chomwe ambiri amalumpha, ine chimandinyansa, ndi mtundu wa chotupa. Makoswe a Sprague-Dawley amatuluka zotupa zambiri zotchedwa fibroadenoma zomwe si khansa, ndiye onani ngati lipotilo lawerenga zimenezi pazokha, za khansa pazokha.