Mmene mungatsogolere sewero limene mwalemba nokha mu Lusaka

Olemba masewero ambiri mu Lusaka amawatsogolera okha, chifukwa ndalama zolipira munthu wina kuti agwire ntchitoyo sizipezeka. Vuto lake n'lakuti wolemba amaumira mawu ake, pamene wotsogolera ayenera kudula chilichonse chimene chingagonetse owonerera, ndipo anthu awiriwa ali m'thupi limodzi. Choncho musanayambe kufunafuna holo kapena zovala, sonkhanitsani ochita zisudzo anu, muwapatse mapepala, ndipo inu mukhale kumbuyo chete, pensulo ili m'manja, pamene iwo akuwerenga mokweza mpaka kumapeto. Paliponse pamene wowerenga wadodoma, kapena wachotsa liwu lanu n'kuikapo lake mosazindikira, ikanipo chizindikiro, pakuti kawirikawiri cholakwika chimakhala chiganizo chanucho, osati lilime lake.

Chilankhulo ndicho chimafuna khutu lakuthwa mumzinda uno. Mayi wogulitsa matimati pamsika wa Soweto salankhula ngati mlaliki wa paguwa, kondakitala wa pa Kulima Tower amasakaniza Chinyanja ndi Chibemba m'chiganizo chimodzi, ndipo mwana wa ku Kabulonga amayankha agogo ake m'Chingerezi. Mukawalankhulitsa mofanana onsewa, owonerera adzadziwa msanga kuti akumva inu nokha. Njira yolankhulitsa anthu a m'sewero m'chilankhulo chawochawo si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gulu la Chikwakwa la pa yunivesite ya Zambia, limene Michael Etherton, mphunzitsi wa pa yunivesiteyo, anathandiza kuyambitsa, linkachita zisudzo pabwalo lopanda denga komanso kuyenda nazo m'zigawo za dziko m'zilankhulo za eni dera, pamene zisudzo za m'matauni zinali zidakali za Chingerezi. Dzina lenilenilo ndi la chida chotchetchera udzu, ndipo ine ndimaona kuti wotsogolera aliyense akufunika chida chimenecho pa zolemba zake.

Chepetsani anthu. Sewero la anthu asanu limatheka, koma la anthu makumi awiri limafera pa ndalama za basi, chifukwa wina akuchokera ku Matero, wina ku Chawama, ndipo onse ayenera kubwerera kusanade. Nkhani ya malipiro muikambe tsiku loyamba, aliyense akumva, ndi kulemba papepala mmene mudzagawire za pakhomo mukachotsa za holo, popeza magulu ambiri amapasuka usiku umene alandira ndalama zoyamba.

Poyeserera, musamaimirire n'kuonetsa munthu mmene ayenera kulirira kapena kusekera, chifukwa adzangokutsanzirani. M'funseni chimene munthu wa m'seweroyo akufuna kwa mnzake pa mphindi imeneyo, kaya ndi ngongole, chikhululukiro kapena kungomuchititsa manyazi, ndipo mayendedwe adzabwera okha. Sabata lomaliza muziimirira kumapeto kwenikweni kwa chipinda, ndipo mawu amene sakukufikani kumeneko abwerezedwe mpaka amveke popanda maikolofoni.

Lusaka Playhouse, pamphambano ya Church Road ndi Nasser Road, ndi malo amene aliyense amalakalaka, komabe sewero loyamba ndi bwino kuliyesa m'holo ya tchalitchi kapena ya sukulu m'komboni, kumene anthu sabisa akatopa nalo. Kulikonseko funsiranitu za magetsi. Ngati palibe jenereta, lionetseni masana ndipo musakonze mapeto odalira nyali. Likakhwima, mipikisano ya NATAAZ, bungwe la ochita zisudzo m'Zambia, ndi mphoto za Ngoma za National Arts Council, bungwe la boma loyang'anira zaluso, ndi zimene zingalifikitse kwa anthu a kunja kwa dera lanu.

Tsiku loyamba kuonetsa, musabisale kuseri kwa siteji. Khalani pampando wa pafupi ndi khomo, muziyang'ana owonerera, ndipo mulembe gawo limene mafoni ayamba kuwala m'manja mwawo kapena ana ayamba kutuluka. Gawo limenelo mulifupikitse m'mawa mwake, ochita zisudzo asanabwere kudzakonzekera chionetsero chachiwiri.