Mmene mungatsukire injini ndi kunsi kwa galimoto ya liwiro pakhomo

Galimoto za liwiro monga Subaru Impreza WRX, Toyota 86 ndi Nissan 350Z zinapangidwa kuti zizikhala pafupi kwambiri ndi msewu, ndipo chifukwa cha zimenezi zimatola matope, mchenga ndi timiyala kuposa galimoto zina. Toyota 86, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2012, mimba yake imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 13 okha, moti dzinja limodzi pamisewu yafumbi limakwanira kuti kunsi kwake kumatike. Ntchitoyi ndi yotheka pakhomo, bola mugwire mfundo imodzi: m'boneti mumafunika madzi ochepa ndi manja odekha, pamene kunsi kumafunika madzi ambiri ndi nthawi yokwanira. Ambiri amachita mosemphanitsa, amakhuthulira madzi amphamvu pa injini n'kungowaza pang'ono kunsi, kumene dzimbiri limayambira.

Yambani ndi kusonkhanitsa zipangizo. Mufunika payipi ya madzi, maburashi awiri, ina yofewa ndi ina yolimbirapo, nsalu zoyera, majumbo ndi timalamba tomangira, sipanala, jeke, zitsulo zochirikizira galimoto zomwe amakaniko amati ma jack stand, magolovesi, magalasi oteteza maso, ndi mankhwala osungunula girizi otchedwa degreaser. Pogula mankhwalawa werengani pabotolo ngati ndi oyenera aluminiyamu, chifukwa injini zambiri za galimoto zoterezi n'zopangidwa ndi chitsulo chimenechi, ndipo mankhwala aukali amachisiya ndi mathothomathotho oyera osachoka. Petulo ndi palafini musagwiritse ntchito ngakhale mutamva kuti amachotsa oyilo msanga, pakuti amawononga mipira ya m'injini ndipo nthunzi ya petulo sichedwa kuyaka.

Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, pamthunzi, ndipo dikirani injini izizire kufikira mutha kuikapo dzanja osaotchedwa. Turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, ndi mapayipi otulutsa utsi amatentha kufika madigiri mazanamazana galimoto ikamathamanga, ndipo chitsulo chotentha chotero chikathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi chingathe kung'aluka. Pansi pa injini yalani makatoni kapena thirani mchenga woti umwe oyilo wakuda wotsika, kuti asalowe mu ngalande kapena kufupi ndi chitsime.

Mukatsegula boneti, masulani waya wa batire wa mbali yolembedwa chizindikiro cha kuchotsera, n'kuupatutsa kuti usakhudze pamene unali. Dziwani kuti wailesi ndi koloko zidzafunika kukonzedwanso, ndipo injini zina zimalira mosakhazikika kwa kanthawi batire ikabwezeretsedwa. Kenaka phimbani ndi majumbo alternator yomwe imatchaja batire, bokosi la mafyuzi, batire, polowera mpweya, ndi mawaya alionse amene munthu anachita kulumikiza yekha poika alamu kapena zokuzira mawu. Ngati mwini wakale anaika fyuluta ya mpweya yapoyera ija yooneka ngati chitini chosongoka, imangeni jumbo kawiri, chifukwa madzi akalowa m'masilinda kudzera pamenepo injini ikhoza kuwonongeka kotheratu.

Musanathire madzi, chotsani masamba, fumbi ndi zinyalala ndi burashi youma, makamaka m'munsi mwa galasi lakutsogolo mmene muli timabowo totulutsa madzi a mvula. Mukatero wazani degreaser pamalo pamene pali oyilo ndi girizi, musiyeni kwa mphindi zitatu kapena zisanu, koma musalole kuti aume. Pukutani ndi burashi yofewa, kachigawo kamodzi panthawi.

Eni a Subaru asamale pa zinthu ziwiri. Pa WRX intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ili pamwamba penipeni pa injini, pansi pa bowo lolowera mpweya la paboneti, ndipo tizipsepse take n'topyapyala moti madzi amphamvu kapena burashi yolimba zimatipinda, mpweya n'kulephera kudutsa bwino. Chachiwiri, injini ya Subaru ya mtundu wa boxer, ya masilinda ogona cham'mbali uku ndi uku, yomwe ilinso mu Toyota 86, ili ndi mapulagi ndi makoyilo m'mbali, m'malo opanikizika amene ndi ovuta kuumitsa. Madzi akatsalira mmenemo injini imanjenjemera ndi kutsokomola mukailiza, choncho m'mbalimo ndi bwino kungopukuta ndi nsalu yonyowa.

Tsukuluzani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono ochokera m'payipi, osati makina opopa madzi mwamphamvu, ndipo musalunjikitse madzi pamalo olumikizira mawaya kapena pa masensa. Ufa woyera kapena wobiriwira womwe umamera pamitu ya batire umachoka ndi soda wophikira wosungunula m'madzi pang'ono. Umitsani ndi nsalu, ndipo ngati muli ndi makina opemerera mpweya, pemererani m'makona monse. Siyani boneti yotsegula pamene mukupita kunsi kwa galimoto.

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndiponso pali ngozi yeniyeni. Mangani handibuleki, ikani galimoto mu giya, tsekerani matayala otsala pansi ndi matabwa, ndipo masulani pang'ono manati a matayala galimoto isanakwezedwe. Popeza galimotoyi ndi yotsika, jeke wamkulu nthawi zina salowa, ndipo njira yake ndi kuyamba mwakwezera matayala akutsogolo pamatabwa okhuthala. Jeke aikidwe pamalo okhawo amene buku la galimoto lasonyeza, apo ayi mudzapinda chitsulo cha m'mbali kapena kuswa mapulasitiki ake. Galimoto ikakwera, ikhazikeni pa zitsulo zochirikizira zija, n'kuigwedeza kuti muone ngati yakhazikika. Musalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto yodalira jeke yekha, ndipo njerwa si zochirikizira, chifukwa zimaphwanyika popanda chenjezo.

Chotsani matayala ndi chipulasitiki chotchinga kunsi kwa injini, chomwe chimasunga matope ndi oyilo kumtunda kwake. Nyowetsani kunsi konse ndi kudikira kuti matope ouma afewe, m'malo mowakanda ndi chitsulo, chimene chimakalula utoto woteteza dzimbiri. Kuno makina opopa madzi angagwire ntchito, koma kamwa yake italikirane ndi galimoto ndi masentimita osachepera 30, ndipo isalunjike pa mipira yokuta ma CV joint, omwe ndi mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala, pa mashoko, pa mabeyaringi kapena pa mawaya a ABS, njira yoletsa matayala kukakamira poponda mabuleki, amene ali kuseri kwa tayala lililonse. Khalitsani m'mapako a matayala, kuseri kwa milomo ya mamadigadi, pamwamba pa zitsulo zonyamula injini ndi mozungulira thanki ya mafuta, pakuti matope obisika m'malo amenewa amasunga chinyezi miyezi yambiri mvula itatha. Degreaser asafike pa mabuleki.

Galimoto zambiri zoterezi zimafika kuno zitayendapo kale ku Japan kapena ku Britain, ndipo m'madera ozizira a maiko amenewo amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu. Mchere umenewo umadya chitsulo mobisa, choncho kunsi kukayera tengani tochi muyang'ane bwino mapayipi a mabuleki, a mafuta ndi m'mphepete mwa mimba. Dzimbiri la pamwamba lingapalidwe ndi burashi ya waya n'kupakidwa mankhwala oteteza pakauma, koma chitsulo chikamafumbutuka kapena kuboola mukachigunda, imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Yang'ananinso mipira yong'ambika ndi girizi wotayikira mkati mwa tayala.

Zonse zikauma, bwezerani chipulasitiki chija ndi matayala, tsitsani galimoto, ndipo mangani manati modumphadumpha, osati motsatana, pa mlingo umene buku likunena. Chotsani majumbo onse m'boneti, muwawerenge ngati akwanira, n'kulumikiza batire. Lizani injini kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kuti chinyezi chotsala chiphwe. Ma disiki a mabuleki akaoneka ofiirira musadandaule, chifukwa dzimbiri lopyapyala limenelo limachoka lokha, koma yendani pang'onopang'ono poyamba ndi kuponda mabuleki kangapo kufikira ayambe kugwira bwino. Usiku umenewo ikani katoni yoyera pansi pa injini, kuti m'mawa muone ngati pali oyilo kapena madzi a rediyeta amene akudontha, ndi malo enieni amene akuchokera.