Kasewereni ka Civilization VI muli nokha: pomwe kompyuta imakuposani ndi pomwe imagonja

Civilization VI, yomwe kampani ya Firaxis idatulutsa mu 2016, ndi gemu ya pakompyuta yomwe mumatsogolera mtundu wa anthu, kumanga mizinda ndi kupikisana ndi mitundu ina. Imaseweredwa mosinthana nthawi ngati bawo: mumasuntha zanu zonse, n'kudina batani, kenako kompyuta imasuntha zake. Palibe wokufulumizitsani. Mungathe kuima pakati pa nkhondo, kukadya nsima, n'kubwerera mutaganiza bwino. Mukaika Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, pa offline simufunikanso intaneti, ndipo gemu imadzisunga yokha pa turn iliyonse (nthawi yanu imodzi yosuntha), choncho magetsi akathima simutaya zambiri. Ubwino wosewera nokha ndi umenewu.

Chofooka chake chachikulu chidziweni musanayambe. Mukakweza mlingo wa kuvuta, kompyuta sichenjera ayi, imangopatsidwa zinthu zambiri. Milingo ilipo isanu ndi itatu, kuyambira Settler mpaka Deity. Pa Prince, womwe ndi wachinayi, mumayambira pamodzi. Pa Deity mtundu uliwonse wa kompyuta umayamba ndi ma settler, anthu okhazikitsa mizinda, atatu pomwe inu muli ndi mmodzi, ndipo asilikali ake amawonjezeredwa mphamvu 4 pomenyana nanu. Ndiye gemu yeniyeni ili m'ma turn 100 oyambirira. Mukawapeza anzanuwo pamenepo, zotsalazo n'kungomaliza.

Poyamba sankhani Prince, mapu aang'ono, ndi liwiro la Standard, lomwe lili ndi ma turn 500 kuchokera 4000 BC kufika 2050 AD. Pa atsogoleri omwe mungasankhe, Trajan wa ku Rome ndi wabwino kwa wophunzira chifukwa mzinda uliwonse womwe mwakhazikitsa umabwera ndi monument (chipilala chokweza chikhalidwe) yaulere.

Mzinda woyamba ukhale pamtsinje kapena panyanja ya madzi abwino. Pamenepo umakhala ndi malo a anthu 5, pagombe la nyanja yamchere 3, pouma 2 basi. Anthu akangotsala pang'ono kudzaza malowo, kukula kumatsika ndi theka, ndipo ambiri amadabwa kuti mzinda uli ndi chakudya chokwanira koma sukukula. Mankhwala ake ndi granary (nkhokwe), yomwe imawonjezera malo awiri. Musayendeyende kufunafuna malo okongola kupitirira ma turn awiri.

Dongosolo lodalirika lomangira ndi ili: scout (wofufuza malo), slinger (msilikali woponya miyala), settler, kenako builder (wokonza minda ndi migodi). Slinger musamudumphe. Akapha mdani mmodzi, ukadaulo wa Archery (kulasa ndi uta) umatsika mtengo ndi 40 peresenti ngati muli ndi zowonjezera za gemuyi za Rise and Fall kapena Gathering Storm, kapena ndi theka mu gemu yoyambayo. Ukadaulo wambiri uli ndi kantchito kake kotere kolembedwa pansi pa dzina lake. Kukumana ndi mtundu wina, mwachitsanzo, kumatsitsa mtengo wa Writing.

Chomwe chimapha osewera atsopano si mitundu ina, ndi zigawenga. Mukaona scout wawo ali ndi chizindikiro chofuula pamutu, waona mzinda wanu ndipo akuthamangira kumsasa kukaitana anzake. Mutchingireni njira kapena muphereni pomwepo. Akafika, yembekezerani gulu, ndipo ngati msasawo uli pafupi ndi mahatchi amabwera okwera pamahatchi. Settler asatuluke yekha ngakhale ulendo ukhale waufupi; muikeni pa kagawo kamodzi ka mapu ndi warrior (msilikali wa chibonga) n'kuwamangiriza. Settler woyamba amadya production (mphamvu yomangira ya mzinda) 80 ndi munthu mmodzi wa mumzinda, ndipo aliyense wotsatira amakwera mtengo.

Anthu a mizinda yanu yonse akakwana 6, phunziro la kayendetsedwe ka dziko lotchedwa Early Empire limafulumira, ndipo limatsegula khadi ya ndondomeko ya boma ya Colonization yowonjezera 50 peresenti pomanga ma settler. Ikani khadiyo n'kutulutsa ma settler motsatizana. Pakati pa mzinda ndi unzake pamayenera kukhala timagawo titatu. Mu gemuyi mizinda yambiri imaposa mzinda umodzi waukulu, chifukwa mzinda umaloledwa district (chigawo chapadera cha mzinda) yoyamba uli ndi munthu mmodzi, yachiwiri pa anthu 4, yachitatu pa 7. Campus, district ya sayansi, iikeni pakati pa mapiri, poti phiri lililonse loyandikana nayo limapereka sayansi imodzi. Onetsetsani musanadine: district ikaikidwa sisunthikanso.

Zinthu zosangalatsa anthu monga khofi, silika kapena minyanga zimathandiza mizinda inayi pa mtundu uliwonse. Yachiwiri ya mtundu womwewo ilibe ntchito kwa inu. Igulitseni kwa kompyuta, imalipira golide kwa ma turn 30.

Pankhondo m'pomwe kompyuta imaonekera ng'amba. Imatumiza asilikali mmodzimmodzi kukagunda linga, imawoloka mtsinje pamaso pa adani, ndipo kawirikawiri siteteza zida zake zogumulira malinga. Ma archer (oponya mivi) atatu kapena anayi, amene amalasa patali timagawo tiwiri, ndi warrior mmodzi woima paphiri kutsogolo kwawo, amabweza gulu lowaposa kuchuluka. Lasani mdani mmodzi onse pamodzi mpaka afe. Wovulala amathawa n'kukachira. Mukaphunzira ukadaulo wa Masonry (kumanga ndi miyala), mangani linga m'mizinda ya m'malire. Ndipo mnansi akamwetulira musagone tulo. Asilikali ake akayamba kuunjikana pamalire, nkhondo yayandikira, kaya wanena zokoma zotani.

Gathering Storm ya 2019 idafikitsa njira zopambanira pa zisanu ndi imodzi: sayansi, chikhalidwe, nkhondo, chipembedzo, ukazembe ndi mapointi. Sankhani imodzi pofika turn 100 ndipo mumange zokhazo zoithandiza. Muziyang'ananso tsamba la World Rankings, chifukwa kompyuta itha kutembenuza mizinda yanu ku chipembedzo chake inu muli kalikiliki ndi zina.

Kumapeto gemu imatopetsa, tisabise. Mumakhala mukudziwa kale kuti mwapambana, koma mizinda 15 ikufunsabe chomanga, ndipo laputopu yofooka imatenga nthawi kumaliza turn imodzi. Yatsani Quick Movement ndi Quick Combat, ikani zomanga zingapo pamzere mumzinda uliwonse, ndipo ngati laputopu ikutentha gwiritsani ntchito Strategic View, maonekedwe a mapu opepuka. Amene ali ndi nthawi yochepa asankhe liwiro la Online, la ma turn 250. Mukapambana pa Prince kawiri mosavutika, kwerani pa King.