Ndalama ya geni isamagone m'thumba limodzi ndi ya pakhomo

Mayi ena amene ndinkawayendera pa ntchito yanga ya ulangizi ankasoka zovala madzulo aliwonse akaweruka kuntchito. Luso anali nalo, makasitomala sankasowa, moti masiku ena makina ankalira mpaka pakati pa usiku. Koma tsiku lina anandiuza mosabisa mawu kuti, "Alangizi, ndasoka zaka zitatu, koma chimene ndikusokera sindikuchiona. Kapena ndingosiya." Ndinawapempha kuti andionetse komwe amaika ndalama kasitomala akalipira. Anakoka kadilowa ka pamakina paja. Munali mabatani, choko cholembera nsalu, tepi yoyezera ndi ndalama zamapepala zingapo zokwinyika. Mwana akafuna cholembera, ankatapa momwemo. Kukabwera mlendo, momwemo. Ulusi ukatha, ankagula ndi malipiro a kuntchito. Panalibe wakuba, panalibenso wosakaza. Kungoti ndalama ya geni ndi ya pakhomo zinkagona pamodzi, choncho palibe akanadziwa ngati kusokako kunkabweretsa phindu kapena kunkadya malipiro awo mwakachetechete.

Anthu ambiri akandipeza amafunsa kuti, "Ndiyambe geni yanji?" Funsoli ndi labwino, koma si limene limagwetsa anthu. Ndaona ambiri akupeza ndalama yapadera kwa zaka, ena mpaka kuwonda nayo ntchitoyo, koma osatsala ndi kanthu koti n'kuloza. Ndalama yolowa si chuma ayi. Chuma ndi chimene chatsala mutachotsa zonse, n'kuchiika poti chiziswana.

Za kusankha geni sindichedwapo. Yambirani pa chimene manja anu akudziwa kale ndi zida zimene muli nazo: kusoka, kukonza mafoni, kumeta, kuphunzitsa ana madzulo, kulemba pa kompyuta, kuweta nkhuku, kuoda katundu n'kumagulitsa. Musanagule chida chodula, pezani kaye anthu atatu kapena asanu amene alipire ndithu, osati ongoyamikira pakamwa kuti ganizo lanu ndi labwino. Ngati muli pantchito yolembedwa, werengani pangano lanu la ntchito, ndipo musagwiritse nthawi kapena zipangizo za abwana pa geni yanu, chifukwa mutha kutaya malipiro a mwezi ndi mwezi pofuna zapambali. Yambaninso ndi chinthu chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsopano tifike pa kope, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Pezani kope wamba ndi cholembera chimene chizikhala chomangiriridwa kukopeko. Tsamba lililonse muligawe m'mizere inayi yotsika: tsiku, chimene chachitika, zolowa, zotuluka. Lembani nthawi yomweyo ndalama ikadali m'manja. Mukati mulembe usiku, zing'onozing'ono mudzakhala mutaziiwala, ndipo zing'onozing'onozo ndi zimene zimatha mpamba: thiransipoti yokaoda katundu, mayunitsi oimbira kasitomala, majumbo okutira katundu, ndalama imene amadula potumiza pafoni. Kumapeto kwa kopelo siyaniko masamba a angongole, aliyense tsamba lake, ndi tsiku limene analonjeza kubweza. Kulemba kotereku si kwa anthu ophunzira okha. Amalonda a ku Venice ankalemba zolowa ndi zotuluka kalekale, ndipo katswiri wa masamu Luca Pacioli anasindikiza njira yawoyo m'chaka cha 1494. Makampani akuluakulu akuyendabe pa maziko omwewo mpaka lero. Amene mumakonda kulemba pafoni lembani pafoni, palibe cholakwa, bola muzilemba tsiku ndi tsiku.

Ndalama ya geni ikhalenso ndi nyumba yakeyake: kabokosi kokhoma, akaunti yapadera kubanki, kapena nambala ina ya ndalama za pafoni. Kasitomala akalipira, ndalamayo ipite kumeneko isanakhudze chikwama chanu.

Pakatha mwezi, khalani pansi muwerengetsere. Tiyerekeze kuti pa ntchito yosoka mwalandira ndalama 100. Ulusi, zipi, mabatani, singano ndi mafuta a makina zatenga 25. Magetsi, malo ndi maulendo zatenga 15. Anthu ambiri amaimira pamenepa n'kunena kuti phindu ndi 60. Ayi, pali zinthu ziwiri zimene simunachotse. Choyamba ndi kutha kwa makina. Chida chilichonse chikukalamba pamene chikugwira ntchito, ndipo tsiku lina chidzafuna kukonzetsa kapena kugula china. Muchipatulire kangachepe, tinene 5, mwezi ndi mwezi. Chachiwiri ndi thukuta lanu. Mukanalemba munthu wina kuti asoke zovala zimenezo, mukanamulipira zingati? Ngati ndi 35, ndiye kuti malipiro anu ndi 35, ndipo phindu lenileni ndi 20 basi.

Malipiro amenewa ndimawaumirira kwambiri, ndipo ena amandiona ngati ndikuvutitsa. Amati, "Geni ndi yanga, ndidzilipire bwanji ndekha?" Chifukwa chake n'chakuti pakhomo pamafunika ndalama, ndipo mukapanda kuika malire, pakhomo padzadya mpamba wonse popanda wina kuchita dala. Mukadziikira malipiro, tsiku lake ndi kuchuluka kwake, banja limadziwa chimene lingayembekezere. Wachibale akabwera ndi vuto, mumuthandize kuchokera m'malipiro anuwo, ndi mtima wonse, koma mpamba usakhudzidwe. Mukagawa mpamba lero, mawa mudzasowa chothandizira iyeyo ngakhalenso ana anu. Nkhaniyi mukambirane ndi amuna anu kapena akazi anu kopelo lili potseguka. Geni yobisirana m'nyumba siichedwa kubala mikangano.

Kuwerengetseraku kumaulula zinthu zimene maso saona. Woweta nkhuku amene salemba amasangalala tsiku logulitsa, osadziwa kuti chakudya cha nkhuku chokha chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zowetera. Nkhuku zanyama zimakhala zitakwana kugulitsa pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye tsiku lililonse limene zakhala m'khola kudikira wogula zikudya phindu. Zamazira zimayamba kuikira zikakwanitsa masabata 18 mpaka 20, kutanthauza kuti mudzazidyetsa miyezi inayi ndi kanthu musanatole dzira ngakhale limodzi. Amene sanawerengere zimenezi mpamba umamuthera panjira, n'kugulitsa nkhuku motchipa zitatsala pang'ono kuyamba kumubwezera.

Nanga 20 wa phindu uja apite kuti?

Ngati muli ndi ngongole ya katapila, yambani ndi imeneyo, musaganizenso kawiri. Ngongole ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, ikamawonjezekera pa yakale, imakhala itawirikiza kawiri pakangotha miyezi inayi. Ndi geni zochepa kwambiri zimene zingathamange kuposa pamenepo. Kusunga ndalama kwinaku ngongole yotere ikukula kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ngongole ikatha, kundikani ndalama ya padzidzidzi, yokwanira kuyendetsa pakhomo miyezi itatu, kapena isanu ndi umodzi ngati mungathe. Ndalama imeneyi siyochitira geni, siyobwereketsa, ndipo ikhale poti mutha kuitenga tsiku lomwelo. Matenda, maliro ndi kutha kwa ntchito siziodira. Zikafika mulibe pogwira, mudzagulitsa makina omwe aja pamtengo wolira. Ndikudziwa kuti kwa munthu wopeza movutikira miyezi itatu imamveka ngati phiri. Yambani ndi ya sabata imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zikatero mutha kuganiza zoti ndalama iziswana. Pali kawerengedwe kachidule kamene ndimaphunzitsa gulu lililonse. Tengani 72, mugawe ndi chiwongoladzanja cha pachaka, ndipo yankho lake ndi zaka zimene ndalama yanu idzatenge kuti iwirikize kawiri, ngati simukuchotsako kalikonse. Pa 6 pa 100 ndi zaka 12. Pa 12 pa 100 ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Koma kawerengedwe komweka kamalumanso. Ngati mitengo ya zinthu ikukwera ndi 24 pa 100 pachaka, ndalama imene mwaibisa pansi pa matiresi idzagula theka la zimene ikugula lero pakatha zaka zitatu zokha. N'chifukwa chake musamangofunsa kuti, "Apereka chiwongoladzanja chochuluka bwanji?" Muzifunsanso kuti chikuposa kukwera kwa mitengo kapena ayi. Nthawi zambiri, kwa munthu woyamba kumene, malo obereketsa kwambiri ndi geni yake yomwe: chida chabwino chofulumizitsa ntchito, kuoda katundu wambiri pamtengo wotsika, kapena kuphunzira luso lina lowonjezera. Koma muchite zimenezi kope litakuuzani kuti geniyo ikupindula, osati mtima wokha.

Amene kusunga nokha kumakuvutani, lowani gulu losunga ndi kubwereketsana, lija ambiri amati banki mkhonde. Njira imeneyi inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE, pakati pa magulu a amayi, ndipo lero ili m'mayiko ambiri. Gulu loyenda bwino limakhala la anthu 15 mpaka 25 odziwana. Pamsonkhano uliwonse membala amagula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu, ndipo sabwereka kuposa katatu ka zimene wasunga. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ndalama imawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse molingana ndi masheya a aliyense. Malamulo amenewa si okometsera. Magulu amene ndawaona akusweka amayamba ndi kunyozera kamodzi: kutsegula bokosi anthu atatu okha, kubwereketsa munthu wakunja chifukwa ndi mnzake wa wapampando, kapena kukakamiza mamembala kutenga ngongole imene alibe nayo chochita kuti chiwongoladzanja chichuluke. Chomalizachi ndimadana nacho kwambiri, chifukwa chimasandutsa gulu lothandizana kukhala katapila wa eni ake omwe. Ndipo tsiku logawana lisanafike, lembani chimene mukagule. Ndalama yobwera yambiri nthawi imodzi, yopanda dzina, imatha ngati mame.

Kuika ndalama kubanki kwa nthawi yoikika, kubwereketsa boma, kugula masheya a makampani, malo kapena nyumba, zonsezi ndi njira zabwino ndalama ikakula. Onetsetsani kuti amene mukuwapatsa ndalama ali ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira zachuma m'dziko lanu, ndipo musaike zonse pamalo amodzi.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima kuposa geni yakugwa, ndicho kuona munthu amene wasunga movutikira akupereka zonse kwa olonjeza phindu lodabwitsa. M'chaka cha 1920, mumzinda wa Boston ku America, munthu wina dzina lake Charles Ponzi ankalonjeza phindu la 50 pa 100 pa masiku 45 okha. Werengani nokha: ndalama yotero, phindu likamabwezeredwa momwemo, ikanachuluka ka 25 pachaka chimodzi. Oyamba analandiradi, koma zimene ankalandirazo zinali ndalama za olowa pambuyo, ndipo chaka chomwecho zonse zinagwa. Kampani ina yotere, MMM ya Sergei Mavrodi, inagwa ku Russia mu 1994 anthu mamiliyoni atataya ndalama, koma patatha zaka zoposa 20 inatulukiranso pa intaneti ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria, n'kupezabe anthu. Ku America, Bernie Madoff ananyenga ngakhale anthu olemera ndi ophunzira mpaka pamene anagwidwa mu 2008. Masiku ano zimabwera pa WhatsApp ndi pa Facebook, kawirikawiri kudzera mwa mnzanu weniweni amene walandiradi kamodzi ndipo akukhulupirira kuti akukuchitirani zabwino. Funsani funso limodzi: kodi phinduli likuchokera pa kugulitsa chiyani, kwa ndani? Ngati yankho ndi lozungulira, ngati akukufulumizitsani kuti mulowe lero, ngati kupeza kwanu kukudalira kukopa anthu ena, bwezani ndalama yanu m'thumba. Njuga ndi kubetcha pa mpira nazo musaziwerengere ngati geni. Kampani ya njuga imawerengeratu kuti pa onse obetcha itenge zambiri kuposa zimene ipereke.

Mayi osoka aja sanasiye. Anagula kope, ndalama ya zosoka anaipatsa kachitini kakekake, ndipo tinagwirizana kuti pa ntchito iliyonse azilembanso maola amene yawatengera. Nditabwerera patatha miyezi itatu, anandionetsa masamba awiri. Diresi lapamwamba, lija ankanyadira nalo, linkawatengera madzulo anayi, kasitomala n'kubweranso kawiri kudzasinthitsa, ena n'kulipira theka lokha. Kupinda mathalauza, kuika zipi ndi kuchepetsa malaya, ntchito zimene ankazichitira manyazi, zinkatha pa mphindi zochepa, ulusi wake wosaoneka n'komwe, ndipo anthu ankalipira pompopompo. Pa ola limodzi, zigamba zinkaposa madiresi kutali. Anakweza mtengo wa madiresi, anayamba kulandiriratu theka asanadule nsalu, ndipo madzulo awiri pasabata anawapatula kuti akhale a zokonzakonza zokha. Tsamba la angongole linali ndi mayina asanu ndi awiri. Tinagwirizana kuti ayambe ndi awiri a ngongole zazikulu, akawaone Loweruka lomwelo, kope lili m'manja.