Kutsimikizira Home Affairs kuti banja lanu ndi lenileni popempha chilolezo chokhazikika ku South Africa

Setifiketi ya ukwati payokha siyokwanira kuti munthu apatsidwe chilolezo chokhazikika ku South Africa. Gawo 26(b) la lamulo la Immigration Act 13 la 2002 limafuna zinthu ziwiri: mukhale mutatha zaka 5 muli pa banja ndi nzika ya dzikolo kapena munthu amene ali kale ndi chilolezo chokhazikika, ndiponso mkulu wa Home Affairs, nthambi ya boma yoona za zitupa ndi za olowa ndi otuluka m'dzikolo, akhutire kuti banjalo ndi lenileni, osati lomangira mapepala. Choyambacho setifiketi imasonyeza. Chachiwiricho ndiye chimagwetsa anthu athu ambiri ku Joni, ngakhale aja amene banja lawo mulibe chinyengo m'pang'ono pomwe.

Amene adzatsegule faelo yanu ku likulu la Home Affairs ku Pretoria sadzafika pakhomo panu kuti aone kuti mumadyera mbale imodzi. Adzaona mapepala basi. Tsono moyo umene ambiri amakhala, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu ku Tembisa kapena ku Diepsloot, lendi yopereka pamanja, malipiro olandira pamanja, susiya pepala lililonse m'mbuyo. Banja la zaka 8 la ana awiri likhoza kuoneka lopanda umboni kusiyana ndi banja lachinyengo lokonzedwa mwaluso. N'chifukwa chake umboni uyenera kuyamba kusungidwa lero, ngakhale zaka 5 zija zisanakwane.

Yambani ndi ukwati weniweniwo

Home Affairs imavomereza ukwati womangidwa pa lamulo la Marriage Act la 1961, la Recognition of Customary Marriages Act la 1998, la Civil Union Act la 2006, komanso womangidwa motsatira malamulo a dziko lina. Ngati munapereka lobola kwa makolo a mnzanu, kalembetseni ukwatiwo ku Home Affairs. Lamulo limati zichitike pasanathe miyezi itatu, ndipo mukachedwa mudzavutika kusonyeza tsiku limene zaka 5 zinayambira. Ngati munamanga chinkhoswe kumudzi, ankhoswe akudziwa, a mfumu akudziwa, koma Pretoria sikudziwa. Lamulo la ku Malawi la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe, choncho ulembetseni kuti mukhale ndi setifiketi ya boma, kenako idindidwe chidindo cha apostille, chotsimikizira kuti chikalatacho n'chenicheni, chimene maiko awiriwa amavomerezana.

Pali msampha wina umene anthu safuna kuutchula. Bambo anasiya mkazi wa chinkhoswe ku Mangochi kapena ku Mzimba, banja linatha pakamwa chabe, iye n'kukamanga ukwati wina ku Home Affairs atalemba kuti sanakwatirepo. Ukwati wa pa Marriage Act ndi wa anthu awiri okha, ndipo zikadziwika kuti woyamba uja sunathetsedwe mwalamulo, wachiwiriwo ukhoza kuonedwa ngati sunakhalepo. Pempho lonse limagwera pomwepo. Ngati munakwatirapo kapena kukwatiwapo, pezani chikalata cha khoti chothetsa banja, kapena setifiketi ya imfa ngati mnzanuyo anamwalira. Nzika ija nayonso ikafunse ku Home Affairs kuti mu kompyuta inalembedwa kuti ndi yapabanja ndi ndani, chifukwa pali anthu amene anapezeka atakwatitsidwa kwa alendo amene sanawaonepo.

Amene mukukhalira limodzi osamanga ukwati muli ndi njira yanu, koma njotalikirapo. Pamafunika pangano losainidwa ndi nonse awiri pamaso pa loya amene ndi notary public, kulumbira pa Form 12 gawo A, ndi umboni woti mumathandizana pa chuma ndi udindo wa pakhomo.

Onaninso kalembedwe ka maina. Pasipoti ikati Chimwemwe, setifiketi n'kuti Chimwemwie, kapena tsiku lobadwa n'kusiyana ndi tsiku limodzi, konzetsani musanapereke pempho.

Umboni umene umalemera

Umboni wabwino umakhala ndi tsiku, dzina ndi adiresi, ndipo umachokera kwa munthu kapena bungwe losapindula ndi pempho lanu. Uyeneranso kufalikira pa zaka zonse 5. Mulu wa mapepala a miyezi itatu yapitayi umangoonetsa kuti munayamba kusonkhanitsa mutaganiza zopempha. Lamulo silitchula chiwerengero, koma ife timalangiza mapepala atatu kapena anayi olimba pa chaka chilichonse, oyalidwa motsatira zaka, ndi tsamba limodzi pamwamba lofotokoza chimene chili pati.

Za nyumba ndiye mutu wa nkhani. Pangano la lendi lokhala ndi maina a nonse awiri limaposa china chilichonse. Ngati landilodi salemba mapangano, mupempheni apite nanu ku polisi akalumbire kuti inu awiri mwakhala pa nyumba yake kuyambira mwezi wakuti chaka chakuti, aphatikizepo kope la chitupa chake ndi bilu ya masipala yosonyeza kuti nyumbayo ndi yake. Kuyambira pamenepo lipirani lendi kudzera ku banki, n'kulembapo mawu oti lendi ndi mwezi wake. Adiresi imene ili ku banki kwanu, ku banki kwa mnzanu, ku ntchito, ku kiliniki ndi kusukulu ya ana ikhale imodzi. Pano ambiri amadzipweteka okha: mayi anatsegula akaunti pa adiresi ya makolo ake ku Soweto ndipo sanasinthe, bambo analemba adiresi ya abwana ake ku Sandton, papepala n'kumaoneka ngati anthu okhala kosiyana.

Pa ndalama, masitetimenti a banki asonyeze kuti mumatumizirana, wina akulipira magetsi, wina fizi, wina zakudya. Polise ya maliro, medical aid, ndi fomu ya penshoni ya ku ntchito imene munalembapo mnzanu kuti ndiye wodzalandira ndalama, zonsezi zimalemera kwambiri chifukwa munthu salemba mlendo pa zinthu zotere. Malisiti a Mukuru osonyeza mkazi kapena mwamuna wanu akutumizira apongozi ake ndalama ku Malawi nawonso amanena zambiri.

Ngati muli ndi ana, ikani setifiketi yobadwira yokhala ndi maina a makolo onse awiri, ndi makalata a kusukulu amene nonse munasaina. Kusakhala ndi ana si mlandu, umboni winawo ungokhala wokwanira.

Zithunzi ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi ndiwo chabe, nsima yake ndi mapepala aja. Sankhani zithunzi 10 kapena 15 za zaka zosiyana, makamaka zimene muli ndi abale a mbali zonse, pa ukwati, pa maliro, pa ulendo wa kumudzi, ndipo lembani tsiku ndi malo. Zidindo za pa Beitbridge kapena pa Mwanza zosonyeza kuti munadutsa tsiku limodzi zimaposa chithunzi. Makalata olumbira a abale, abusa kapena a shehe amathandiza akamanena zenizeni: anakudziwani liti, amafika pakhomo panu kangati. Makalata asanu a mawu ofanana ndendende amaoneka kuti analemba ndi munthu mmodzi.

Ntchito ikakusiyanitsani, wina ku Cape Town wina ku Polokwane, musabise. Lembani kalata yofotokoza, muikepo kalata ya abwana, matikiti a basi ndi umboni wa ndalama zimene mumatumizirana.

Kupereka pempho ndi kufunsidwa mafunso

Pempho limadzera ku VFS Global, kampani imene imalandira mapempho m'malo mwa Home Affairs, pa fomu ya DHA-947 yodzaza pa intaneti, ndipo tsiku lokapereka pitani nonse awiri. Pamafunika pasipoti, viza imene ikugwirabe ntchito, chitupa cha mnzanu, kalata yake yoikira kumbuyo pempholo, lipoti la dokotala ndi kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Ziwiri zomalizazi zisapitirire miyezi 6 chilembedwere, choncho muzitenge pomaliza, zina zonse zitakonzeka. Mndandanda wa zofunika umasinthasintha, uwerengeni pa tsamba la VFS sabata imene mukukapereka. Jambulani faelo yonse musanaisiye.

A Home Affairs akhoza kukuitanani kuti akufunseni aliyense payekha. Mafunso ake ndi a pakhomo: munakumana kuti, lendi ndi zingati, amayi a mnzanu dzina lawo ndani, mwana amaphunzira kuti. Musaloweze mayankho. Kumbutsanani masiku akuluakulu, werengani zimene munalemba pa fomu, ndipo chimene mwaiwala nenani kuti mwaiwala. Kupeka yankho n'kumene kumabweretsa kusiyana.

Kudikira yankho kumatha kupitirira chaka, ndipo lisiti ya pempho si viza. Viza yanu, kaya ndi ya mkazi kapena mwamuna wa nzika ya gawo 11(6) kapena ya wachibale ya gawo 18, ipempheninso kusanatsale masiku 60 kuti ithe. Wotuluka m'dziko viza itatha amaletsedwa kubwerera kwa miyezi 12 ngati anapitiriza masiku osaposa 30, ndipo zaka 5 ngati anaposa pamenepo. Amene munalowa ngati mlendo wa masiku 30, chigamulo cha Constitutional Court pa mlandu wa Nandutu mu 2019 chinalola mkazi kapena mwamuna wa nzika kupempha kusintha viza ali m'dziko momwemo, bola masiku ake asanathe.

Madobadoba olonjeza ukwati wa mapepala kapena pemiti yachangu apeweni. Wopezeka ndi chilolezo chachinyengo amagwera pa gawo 29, la anthu oletsedwa m'dzikolo, ndipo ngakhale atadzamanga banja loona, mbiri ija imamutsatira.

Akakukanani, muli ndi masiku 10 ogwira ntchito kuti muchite apilo kwa mkulu wa Home Affairs pa gawo 8(4), ndipo akakananso, masiku ena 10 kwa nduna pa gawo 8(6). Yankhani chifukwa chenicheni chimene alemba, ndi umboni wake. Akakupatsani, musataye faelo ija. Chilolezochi chimafa ngati banja latha pasanathe zaka ziwiri chiperekedwere, kupatula pa imfa, ndipo m'miyezi 6 yomaliza ya chaka chachiwiricho mumayenera kukaonekera ku ofesi ya Home Affairs kuti akufunseninso.